Ndege ya Atate ndi Pakamwa pa Mbuya Wawo

Katoni ija inafika ku Kabwata chaka chomwe amayi anatisiya. Anaitumiza ndi mlongo wanga wa ku Joni, munthu amene chisoni chake chimakwera basi iye n'kutsala. Kumaliro sanabwere, akuti mapepala, koma patapita miyezi anatumiza chikatoni chachitali ndi mawu oti atate apeze chochita, asamangokhala n'kumayang'ana mpando wa amayi. Ine ndinapsa mtima nditamva kuti m'katimo muli ndege yoseweretsa. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, imvi mbuu, kumutumizira chidole? Koma atate atatsegula anapita kaye kukasamba m'manja asanakhudze kanthu.

Atate ankakonza mawailesi, maayironi ndi mafani m'kashopu kawo kufupi ndi msika. Ndege sanakwerepo moyo wawo wonse, koma ikamadutsa kumwamba ankasiya chilichonse. Ngakhale pa pemphero la chakudya ankatsegula diso limodzi, ndipo amayi ankawaseka nazo. Ndiye mlongo wangayo, ngakhale ndimamunena, apa pokha anawadziwa atate ake.

Ine ndinkakhala ku Chelstone ndi banja langa, ndipo Loweruka lililonse ndinkakwera maminibasi awiri kukawachapira ndi kuwaphikira. Ndegeyo ndinaiona ikukula pa tebulo lodyera. Thupi ndi mapiko zinali za thovu loyera louma lija amatchingira nalo firiji yatsopano m'katoni, zopepuka moti mphepo ya pazenera inkazisuntha. Panali kamota kokhala kumphuno, pulopela, batire, ndi timakina ting'onoting'ono tokoka mawaya opita kumchira ndi kumapiko. Panalinso limoti yaikulu yokhala ndi timitengo tiwiri togwira ndi zala zazikulu, ndi chingwe chokolekera m'khosi.

Atate sankathamanga. Akamata chinthu ndi guluu ankachisiya mpaka mawa, ndipo tsoka kwa iwe ukagwedeza tebulo. Mapiko anawayeza ndi ulusi wa amayi, kuchokera kumchira kukafika kunsonga iyi, kenaka kunsonga inayo, mpaka ulusi unavomera mbali zonse. Ataimaliza anainyamula pa zala ziwiri pansi pa mapiko, naona kuti ikulemera kumchira, namatira kabawuti m'kati mwa mphuno. Kenaka ankaiika pa tebulo, iwo n'kuima kumbuyo kwa mchira ndi limoti m'khosi, n'kumayeserera. Akakankhira kamtengo kumanja, timapiko tinkayankha za kumanja. Akakankhira kumanzere, chimodzimodzi. Ankachita zimenezi masana onse ngati mwana woloweza vesi, nthawi zonse ataima kumbuyo kwa mchira.

Tsopano ndinene za ba mbuya. Ife a kum'mawa ndi Abemba timatchulana mbuya, ndipo mwambo wake ndi chimbuya. Iwo amatinyoza kuti timadya mbewa, ife timawanyoza kuti amadya anyani. Mbuya angakutukwane pagulu, angakulande chipewa, iwe chako n'kuseka ndi kubwezera. Pamaliro ndiye amalamulira: amanyamula bokosi, amaseka anamfedwa, amawapaka ufa kumaso, amatenga chimene afuna m'nyumba. Wokwiya ndiye amaoneka wosaleredwa. Mbuya wa atate anali dalaivala wa mabasi wopuma ntchito, wokhala mzere wachitatu kuchokera kwathu. Anadziwana ine ndisanabadwe. Anali munthu wa pakamwa potsekemera, amene sangaone anthu atatu ataima pamodzi osawasandutsa msonkhano wake.

Tsiku limene anaiona ndege ndinalipo, ndikusita malaya. Anaima pakhomo, nagwira m'chiuno.

"Shani ba mfiti? Lichelo inasila, manje mwagula ya malaiti?"

Ankatanthauza kuti lichero latha, tsopano atate agula la magetsi. Aliyense kuno amadziwa nkhani yoti afiti amauluka pa lichero, ndipo amaitcha ndege. Atate anaseka mpaka misozi, nayankha kuti bola ife timauluka, iwo akadali kukwera mitengo kuthamangitsa ndiwo. Kanali koyamba kumva atate akuseka chiikireni amayi. Ndinawathirira tiyi ba mbuya ndi mtima wonse tsiku limenelo.

Nthabwala ija ikanathera m'nyumba bwenzi ndilibe chonena. Koma ba mbuya anaitenga. Anakainena pokwerera minibasi, anakainena kometera, anakainena pamsika pomwe azimayi amagulitsa tomato. Ndipo nthabwala ya munthu wofuna kusekedwa nayo tsiku lililonse imafunika kuthiridwa mchere watsopano. Mayi wina wa tomato, amene anali mnzawo wa amayi, anandikokera pambali Loweruka lina nandiuza mchere umene unali utathiridwa. Ba mbuya anafunsa gulu kuti ndege imayenda ndi chiyani. Anthu anati mafuta. Iwo anati, nanga mkazi wa mdala uja ali kuti?

Kabwata wa lero si uja wa kale, pamene aliyense ankadziwa kuti awiriwa ndi mbuya ndi mbuya wake. Muli alendo, muli ana obadwa dzulo, muli anthu amene chimbuya amangochionera pamaliro. Iwo anamva mwamuna wamkulu, mnzawo wa atate wa zaka zambiri, akunena kuti mdala wa mawailesi anapereka mkazi wake. Wachiwiri pouza wachitatu, kuseka kunali kutatsala m'njira. Magetsi nawo anathandiza. Chaka chimenecho ankazima tsiku lonse n'kubwera anthu atagona, ndiye nthawi yomweyo atate ankatchaja batire ndi kuyesa kamota. Kamota kaja kankalira mokweza ngati udzudzu waukulu, ndipo makoma a ku Kabwata sasunga chinsinsi.

Zizindikiro zinayamba pang'onopang'ono. Ana amene ankadzadza pazenera kudzaonera ndege anayamba kuitanidwa ndi amayi awo mwaukali. Munthu wina anabwera kudzatenga ayironi yake isanakonzedwe. Kutchalitchi, tsiku la mgonero, atate akuyendetsa mbale ya mkate, mayi wina wa mzere wa kuseri kwathu anapinda manja nayang'ana kumbali. Mwamuna wake anali chigonere chiyambire mvula, atafa ziwalo mbali imodzi.

Ine magazi anga satenga nthawi kuwira. Ndinapita kwa ba mbuya, ndinaima pageti, ndinawauza zonse zimene zinali kukhosi, ndi zina zimene zinabwera zokha. Ndinati dzina la amayi alichotse m'kamwa mwawo. Ndinati apite pamsika pomwepo akanene kuti zinali zoseka. Iwo anangogwira pamimba n'kumaseka, akuitana aneba kuti adzaone mwana wa mbewa akuluma. Madzulo asanafike nkhani inali itafika kwa atate, ndipo sindinawaonepo atakwiya choncho.

"Mbuya sakwiyiridwa," anatero. "Amene adzandiike m'manda ndi iyeyo, osati iwe. Pita ukapepese."

Ndinapita. Mayi wa ana, wa nyumba yangayanga, ndinagwada pakhonde la munthu uja mano ali gwa, iye akundisisita pamutu n'kumati akum'mawa timachedwa kumva.

Atate sanali opusa. Ankaona manja opindidwa aja, ndipo zinkawadya, chifukwa dzina lawo ndi chokhacho chimene anali nacho. Nyumba inali yakale, shopu inali kabowo, koma ku Kabwata munthu akafuna mboni ya ukwati kapena woyanjanitsa abale ankagogoda kwathu. Ndiye anaganiza njira yawo yolitsukira dzinalo. Anati adzaiulutsa Lamulungu masana, anthu atatuluka m'matchalitchi, pabwalo la mpira la pafupi ndi kwathu, aliyense adzaone ndi maso kuti ndi thovu ndi batire chabe.

Mlongo wanga anaimba foni kuwaletsa. Anati ndege yotere munthu sayamba yekha, kuli anthu amene amaulutsa zimenezi Loweruka pafamu ina kupitirira Woodlands, apite akaphunzire kaye. Ine ndinati ndiwaperekeza. Atate anakana. Anati akainyamula m'katoni kupita nayo kutchire kumene anthu a kuno sakuona, ndiye kuti awapatsa okha nkhani. Chobisa ndiye ufiti, anatero. Ndipo ankanena zoona.

Lamulungu lija anavala jekete la kutchalitchi. Kunali dzuwa, kamphepo pang'ono, fumbi la pabwalo likununkha. Anthu anabwera ambiri kuposa amene amabwera ku mpira, ena ataima patali manja ali pachifuwa. Ba mbuya anali kutsogolo, akulengeza kuti amene akufuna kupita ku Chipata agule matikiti. Atate anayenda ndi ndege m'manja kuionetsa kwa anthu, akutsegula kachitseko ka pamimba kuti aone batire ndi mawaya. Ena anasuzumira, ena anabwerera m'mbuyo. Kenaka anandipatsa ine, nandiuza kuti kamota kakalira ndithamange pang'ono n'kuiponya molunjika kumene kukuchokera mphepo.

Ndinaiponya, ndipo inapita. Inatsika pang'ono ngati ikufuna kugwa, kenaka inadzutsa mphuno n'kukwera. Amayi ine, inali yokongola. Yoyera mbee, dzuwa likuwala pamapiko, ikukwera mosatekeseka pamwamba pa magolo. Ana anakuwa n'kuyamba kuithamangira. Azimayi ena amene anabwera ndi nkhope zolimba ndinawaona ataphimba maso ndi dzanja, pakamwa pali yasa. Wina anaimba nthungululu. Ndinayang'ana atate. Maso anali m'mwamba, ndipo nkhope yawo inali ya mnyamata amene ine sindinamuonepo. Ndinati mumtima, basi, zatha, awina.

Inafika kumapeto kwa bwalo, atate anaikhotetsa bwinobwino, ndipo inayamba kubwerera, mphuno italoza kwa ife. Kamphepo kanaipendeketsa pang'ono cha kunyumba za anthu. Atate anakankha kamtengo kuti aibwezere pabwalo, koma inapendekera kwambiri kunyumba komweko. Anakankhanso mwamphamvu, inapendekeratu. Chimene sankadziwa, chimene aliyense wa kufamu kuja akanawauza tsiku loyamba, n'chakuti ndege ikakuyang'ana, kumanja kwako ndi kumanzere kwake. Iwo miyezi yonse ija anaphunzira ataima kumbuyo kwa mchira.

Inadutsa pamwamba pa mpanda, inazungulira kamodzi mphuno ili pansi, ndipo tinamva phokoso la malata. Mwa madenga onse a mu Kabwata, inasankha la munthu wodwala uja.

Tisanafike n'komwe, mkazi wake anali panja, chitenje chili m'manja, akulira kuti yabwera kudzamutenga, yabwera masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu amati ndege ya afiti ikatha mafuta imagwera pakhomo pa munthu amene amamufuna. Palibe anafunika kukumbutsidwa zimenezo. Anthu omwe aja ankaimba nthungululu anadzadza pabwalo la nyumbayo, mafoni ali m'mwamba. Anyamata anakwera padenga naigwetsa ndi mtengo, osaikhudza ndi manja. Inali itathyoka phiko limodzi lokha. Ndinamva atate akunena chapansipansi kuti limenelo n'la guluu chabe.

Anayesa kupepesa kwa mayi uja. Anavula chipewa, anati malata akonza, anati kunali kulakwitsa kwa zala. Mayiyo anawalavulira pa jekete. Mnyamata wina amene atate anamuphunzitsa katekisimu anawakankha pachifuwa nawatchula kuti iwe. "Iwe mdala, unadya mukazi wako, manje ufuna mwamuna wa bene." Ndinamugwira kolala mnyamata ameneyo, ndipo anachita kundichotsa anthu atatu.

Wina anawaza mchere, wina anabwera ndi parafini. Atate ataona machesi anakuwa kuti achotse kaye batire, batire yotere siifuna moto. Anthu anayang'anana. Mayi wina kumbuyo kwanga anati mwamva, akuti tichotse mtima wake. Anayatsa. Thovu linasungunuka msanga ndi utsi wakuda wonunkha, kenaka batire inafufuma, inalira mokweza ngati mphaka wopondedwa, n'kulavula lawi lalitali cham'mbali. Anthu anabalalika akugwerana. Pobwerera, ngakhale aja ankakayika anali atakhulupirira.

Pamenepo atate anamuona mbuya wawo ataima pafupi ndi geti. Anapita kwa iye chipewa chili m'manja, malovu akadali pa jekete.

"Ba mbuya, auzeni anthuwa. Auzeni kuti munali kuseka chabe."

Mafoni onse anatembenukira kwa iye. Mawu ochepa chabe akanakwana, ndipo anthu akanamumvera, poti nkhani yonse inachokera m'kamwa mwake. Ndinamuona akuyang'ana gulu lija, lalikulu kuposa lililonse limene analipezapo pamsika. Anakonza kolala.

"Ine ninakamba kudala, simunamvele. Onani manje, pailoti alibe na laisensi."

Ena anaseka. Amene sanaseke anamva mbali yoyamba yokha, yoti iye anawachenjeza kale. Atate anavala chipewa, ndipo tinayenda kupita kunyumba pakati pa anthu amene ankatipatukira ngati tanyamula matenda. Tisanatseke chitseko miyala inali itayamba kugwa padenga.

Wodwala uja anamwalira mwezi usanathe. Atate anavala jekete kuti akakhale nawo pamaliro monga ankachitira ndi maliro onse a mu Kabwata, ndipo anawabweza pageti. Akulu anzawo a mpingo anabwera kunyumba, anakana tiyi, napempha ndi mawu ofewa kuti atate ayambe apumula pa udindo mpaka mphepo itadutsa. Kushopu ankakhala tsiku lonse ndi mawailesi akufa amene eni ake sanawafunenso. Kanema wa moto uja anayenda m'mafoni mpaka anandipeza ku Chelstone, kwa mayi wina amene sankadziwa kuti mdala wa chipewayo ndi atate anga. Ba mbuya ndinakumana nawo kamodzi m'tauni. Anati iwo alibe mlandu, chinali chimbuya chabe, anthu ndiwo alibe makutu. Kunyumba kwa atate sanapondeko.

Ndinawatenga kukakhala nafe. Ananyamula zovala, Baibulo ndi limoti ija. Ku Chelstone ndege zenizeni zimadutsa pafupi, popita ndi pochokera kubwalo la ndege, koma atate sanadzutsenso mutu. Ankakhala pakhonde limoti ili pamiyendo, zala zikusuntha timitengo. Tsiku lina ndikuwapatsa phala anandiuza kuti aipeza njira. Anati akanangotembenuka, kuipatsa msana n'kumaiyang'ana chapaphewa, kumanja kukanakhalabe kumanja, ndipo ikanatera bwinobwino pakati pa bwalo. Mlandu wonse anaupereka kwa zala zawo. Za mbuya wawo sananenepo choipa ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa miyala ija.

Anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Matenda analipo, inde, koma ine ndikudziwa chimene chinawatsitsa. Asanatisiye anauza azakhali, mlongo wawo, kuti uthenga ukafike kwa mbuya. Ine ndinati akabwera ndimuthira madzi otentha. Azakhali anati maliro si anga ndekha, ndipo anatumiza uthengawo.

A ku Kabwata anabwera owerengeka, nakhala kumbuyo. Koma ba mbuya anafika m'mawa ndi gulu lawo, ndi thumba la ufa, mawu ali pamwamba. Ntchito anagwira, sindinganame. Anawaza nkhuni, anakonza tenti, ananyamula bokosi. Ponyamulapo anafunsa ngati tasuzumiramo, chifukwa likupepuka, mwina mwini wake anauluka kale. Anthu anaseka monga amasekera pamaliro, mopepukidwa. Polowa m'nyumba anaiona limoti pa kabati, pamene ndinaiika kuti ndidzaiponye m'manda pamodzi ndi maluwa. Anaitenga naikoleka m'khosi. Ndinadzuka, koma azakhali anandigwira pamkono, zikhadabo zawo zikulowa m'khungu, nandinong'oneza mawu omwe aja a atate, oti mbuya sakwiyiridwa.

Kumanda, abusa atamaliza pemphero, anyamata anayamba kutsitsa bokosi ndi zingwe. Ba mbuya anaima kumutu kwa dzenje, miyendo atatangadza, limoti ili m'manja, n'kumasuntha timitengo ndi nkhope ya munthu amene ali pa ntchito yaikulu. Ankalamula kuti kumanja pang'ono, kumanzere, pole pole. Bokosi litagunda pansi anakweza manja.

"Mwaona? Ine naitsitsa bwino. Osati mwine wake."

Manda onse anaseka. Abusa anabisa pakamwa ndi buku la nyimbo. Azakhali, dzanja lawo likadali pamkono panga, mapewa ankagwedezeka. Kenaka munthu uja anabwera kwa ine, anatapa ufa m'thumba, nandipaka pachipumi, m'masaya, mpaka pamilomo, pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso. Ndinaima chilili, chifukwa atate anatero.

Limoti anapita nayo. Mwambo umati chimene mbuya watenga umakachiwombola ndi kuseka, ndipo ine sindinapiteko.